Mwana akuti akufuna kuphunzira lipenga, kuno ku Tete timuloza kuti?

Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 13, amakhala konkuno ku Ulónguè, ndipo chiyambire chaka chatha sakutipatsa mpata. Zinayambira pa ukwati wina pomwe eni ake anaitanitsa bandi ya malipenga ya tchalitchi china, anyamata ngati 10 atavala malaya oyera, akutsogolera galimoto ya akwati kuchoka kutchalitchi mpaka ku holo. Ana onse a m'bairu anathamangira bandiyo monga mwa masiku onse, koma anzake atabwerera kukalimbirana mpunga iye anatsala pomwepo, maso ali tong'o pa zala za mnyamata wa trompete. Madzulo ake uyu watulukira kwathu, "Malume, chija ine ndikufuna ndiphunzire, amaphunzitsa kuti?" Mayi ake ndi amene anamutuma, akuti pita kwa amalume akowo, si ndi amene ankatisokosera kale ndi chimkuwa chawo chija.

Zoona, ndinaimbako bombardino, lipenga lalikulupo la mawu otsika, zaka zingapo mu bandi ya kutchalitchi ndili mnyamata. Sindine maestro ayi, ndinasiyira panjira, ndipo chifukwa chomwe ndinasiyira ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Funso la mwanayu ndi lalifupi koma yankho lake ndi lalitali, nde pirirani.

Tiyambe ndi chidacho, chifukwa makolo ambiri amaona ngati lipenga ndi nkhani ya mphamvu za pachifuwa. Mawu a lipenga amapangidwa ndi milomo. Umatseka milomo ngati ukufuna kunena "m", nkutulutsa mpweya pakati mpaka milomoyo iyambe kunjenjemera kuti prrrr, ndiye kakapu kachitsulo kaja timati bokali kamatenga kunjenjemerako nkukulowetsa mu payipi. Lipenga lonse lija ndi payipi yamkuwa yopindidwa basi. Trompete mutaiwongola imatalika pafupifupi mita 1.4, trombone ndi bombardino pafupifupi mamita 2.7, tuba yaikulu ija imapitirira mamita 5. Payipi ikatalika mawu amatsika. Nkosiyana ndi nyanga za abale athu a Chinyungwe kumunsi ku Zambezi, zomwe umauzira pakamwa pa bango ngati pa botolo, nkosiyananso ndi zipanda za mganda za kutsidya ku Malawi zomwe munthu amaimbiramo ndi mawu ake a pakhosi, ngakhale kuti zipandazo zinayamba potsanzira mabandi a asilikali a atsamunda omwewa. Chomwe chikufanana kwenikweni ndi lipenga lamkuwa ndi nyanga ya ngoma, nyama ija, yomwe makolo ankaliza poitana anthu. Ija ndi milomo yomweyo.

Tsono mabatani ali 3 okha, mapisitoni, koma manoti ndi ambirimbiri, zimatheka bwanji? Osadina kanthu, pongomanga milomo ndi kufulumizitsa mpweya, trompete imakupatsa Do, Sol, Do wapamwamba, Mi, Sol, kumangokwera. Mipata ya pakatiyo ndi imene mapisitoni amadzaza, pisitoni iliyonse ukaidina imatsegula kanjira kena kowonjezera kuti mpweya uyende ulendo wautaliko. Toni ndi mtunda wa pakati pa Do ndi Re, ndiye yapakati imatsitsa theka la toni, yoyamba toni yathunthu, yachitatu toni ndi theka. Do ndi 0, Re ndi 1 ndi 3, Mi ndi 1 ndi 2, Fa ndi 1, Sol ndi 0 kachiwiri, La 1 ndi 2, Si ndi 2, Do 0. Mwana wochangamuka izi amaziloweza tsiku limodzi. Nzeru ya mapisitoniyi inachokera ku Germany, Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel analembetsa mu 1818, kale konse trompete inkangoimba manoti ochepa aja a osadina kanthu. Trombone yokha ndi imene ilibe mabatani, ili ndi vara yokoka yokhala ndi malo 7, ndipo palibe chizindikiro chokuuza kuti ima apa, khutu lako ndi limene limakuimitsa. Paja saxofone musaiwerengere m'banjali ngakhale imanyezimira mofanana, ija imalira ndi kabango kopyapyala, aphunzitsi ake ndi ena.

Zala zimaloweza tsiku limodzi koma milomo imatenga zaka. Minofu ya pakamwa imakula pang'onopang'ono ngati ya wothamanga, mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimaposa maola 3 a Loweruka lokha, ndipo ukasiya milungu iwiri umabwerera m'mbuyo moonekeratu. Apa ndi pomwe vuto lathu lonse lagona, chifukwa mwana amene alibe chida chake tsiku lililonse aliza chani? Tibwererako.

Msinkhu wabwino woyambira ndi pamene mano akutsogolo achikulire amera nkukhazikika, tinene zaka 8 mpaka 10 kupita m'tsogolo, popeza bokali imatsamira pa manowo. Wa zaka 13 sanachedwe, wa 17 naye sanachedwe. Atsikana amatha bwinobwino, zoti lipenga ndi la amuna ndi zongolankhula. Ndipo pali nkhani ija agogo amakonda, yoti woliza lipenga amatupa kumusi, amadwala phudzi kkkk. Ife tinaliza zaka ndithu tonse tili bwino. Chomwe ndinganene ndi choti mwana amene akufiira maso, mitsempha ya pakhosi ili panja, masaya atatupa ngati finye, ameneyo akuliza molakwika ndipo akufunika womuwongolera, lipenga silifuna kukakamiza.

Tsopano nkhani yomwe anthu saikamba, koma kwa mwana wa m'malire ngati kuno ndi imene imagwetsa ambiri, ine ndemwe inandigwetsa. Kuno manoti ali ndi zilankhulo zitatu ndipo ziwiri mwa izo zimagwiritsa ntchito mawu ofanana kutanthauza zinthu zosiyana.

Choyamba ndi cha kukwaya. Amene tinakulira mu Igreja Reformada, yomwe ubale wake ndi Nkhoma ndi wakalekale, kapena m'matchalitchi ena oimba nyimbo za m'buku la Chichewa, tinaphunzira d r m f s l t, solofa ija amishoni anabwera nayo kuchokera ku England, ya John Curwen. Mu solofa imeneyi do alibe malo okhazikika, pomwe woyambitsa nyimbo wayambira ndi pomwe pali do, mawa akayambira pamwamba do wasamukira pomwepo. Chachiwiri ndi cha Chipwitikizi chomwe mwana akumane nacho kusukulu, kwa asilikali kapena ku Maputo, Dó Ré Mi Fá Sol Lá Si, koma uku Dó ndi noti imodzi yokhazikika, batani loyera lomwelija pa kiyibodi, dzulo lero ndi mawa. Chachitatu ndi cha Chingerezi cha pa YouTube ndi cha anyamata a makiyibodi ophunzira ku Malawi, C D E F G A B, pomwe C ndi Dó wa Apwitikizi uja. Nde munthu akati "imba do" uyenera kuyamba wafunsa kuti do wa ndani.

Ngati izi sizinakwane, trompete nayo ili ndi bodza lake. Trompete wamba ndi ya Si bemol, kutanthauza kuti ukaliza noti yomwe papepala pako palembedwa Dó, chomwe chikumveka kunja ndi Si bemol wa pa kiyibodi, toni imodzi pansi. Choncho wa kiyibodi akati nyimbo ili mu Fá, wa trompete ayenera kuimba mu Sol. Akati ili mu Dó, iwe uli mu Ré. Ndinaziona ndi maso mwezi wathawu, mwana wa mlongo wangayu atabwereka trompete anapita kukayesa ndi mnzake woimba kiyibodi kutchalitchi, mnzakeyo akuti "tiye pa C", uyu akuliza Dó wake mokhulupirika, zikuwombana ngati mbuzi ziwiri pa mlatho wa mtengo umodzi. Wina akuti kiyibodi yako ndi yakufa, wina akuti lipenga lako ndi lachinyengo, anatsala pang'ono kugwirana malaya. Onse anali olondola, panalibe wowauza kuti wa lipenga akwere toni imodzi basi. Anyamata ena amangodina transpozi, batani lokweza kapena kutsitsa mawu onse, pa kiyibodi nkhani yatha, zimathandiza tsiku limenelo koma mwana wa lipenga sanaphunzirepo kanthu.

Wa trombone naye asaseke. M'mabuku ambiri a Chipwitikizi ndi a ku America trombone imalembedwa pa clave de Fá, chizindikiro cha kumayambiriro kwa mizere ya manoti cha zida za mawu otsika, ndipo noti yolembedwa ndi yomwe imamveka. Koma mabandi a kachitidwe ka ku Britain, monga a Salvation Army, amalemba pafupifupi zida zonse pa clave de Sol, chizindikiro cha mawu okwera, ngati trompete, kuti munthu athe kusamuka kuchoka pa korneti kupita pa bombardino kapena tuba zala zili zomwezo. Nde bandi ikalandira katoni ya mabuku a mphatso, muyambe mwaona kuti achokera mbali iti.

Ine ndinaphunzira ndi manambala. Mkulu wa bandi yathu ankatilembera mu kope 0, 13, 12, 1, 0, ife nkuloweza, nyimbo tikuidziwa kale ndi khutu. Zimayenda msanga, pa miyezi 3 uli kale pa mzere ukuimba pa maliro, anthu akukuloza. Tsiku lina ndinapita mumzinda wa Tete kukayesa mwayi pa gulu lina lomwe linkafuna woimba bombardino, anandiyalira pepala la mizere 5 lodzaza timitu takuda nkuti "toca", kutanthauza kuti liza. Ndinaliyang'ana pepalalo, nalo linandiyang'ana. Ndinati ndiimbireni kaye kamodzi ndimve, mkuluyo anangomwetulira nkuitana wotsatira. Ulendo wobwerera pa shapa, makilomita oposa 200 aja kudzera ku Moatize, ndinaukhala chete bombardino ya eni ili pamiyendo. Khutu ndinali nalo labwino, ndikadali nalo, koma khomo lililonse lalikulu la nyimbo za malipenga limatsegulidwa ndi kuwerenga partitura, pepala la manoti lija. Bandi ya anthu 25 singadikire kuti aliyense aimbiridwe kaye gawo lake.

Nde mwayi uli pati?

Woyamba ndi womwe uli pamphuno, paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mabandi a m'matchalitchi ndi timagulu ta m'mabairu toimba pa maukwati ndi pa maliro ndi kumene ana ambiri kuno amagwira lipenga koyamba, ndipo nthawi zambiri sulipira kanthu, umangoyamba ndi kunyamula ng'oma yaikulu kapena kupukuta zida mpaka tsiku lina wina wajomba. Dziko lonse zinayamba chonchi, a Salvation Army, omwe kuno timati Exército de Salvação, anayamba kuimba malipenga mumsewu mu 1878 ku Salisbury ku England ndi banja limodzi la a Fry, bambo ndi ana awo aamuna, ndipo mpaka lero ana awo amaphunzira kuwerenga manoti m'mabandi a ana a mpingo. Ku Zimbabwe, komwe timalowera pa Cuchamano, mpingowu unafika mu 1891 ndipo ndi waukulu zedi. Ngati kufupi ndi kwanu kuli mpingo uliwonse wokhala ndi bandi, pitani mukaonere pulakatisi, osati tsiku la chionetsero. Muone ngati pali mapepala pa ma sitandi kapena makope a manambala. Kwa manambala mwana apitebe, chida ndi chida, koma mudziwe kuti kuwerenga akakupeza kwina.

Kusukulu ya boma musayembekezere zambiri. Educação Musical inalowa mu maphunziro a pulayimale ndi kalikulamu ya 2004, ana amaimba, amaomba m'manja, ena amajambulako pauta, mizere 5 ya manoti ija, pa bolodi, koma mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi ena atakhala pansi simungamufunse trompete. Ngakhale zili choncho timizere 5 tija ndi mayina a manoti mwana asazinyoze, ndi chiyambi cha partitura chimenecho. Ku Ulónguè kuno tili ndi nthambi ya UniZambeze koma ndi ya zaulimi, mbatata ndi chimanga zili ndi yunivesite, lipenga lilibe. Amene muli mumzinda wa Tete kafunseni ku Casa da Cultura, ndi kumene anthu a zaluso amakumana ndipo ndi kumene mungamve kuti ndani akuphunzitsa chani chaka chino.

Sukulu zenizeni za nyimbo zili ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete, masiku awiri pa basi. Kuli Escola Nacional de Música, komwe Moreira Chonguiça wa saxofone uja anayambira ali mwana asanapite ku University of Cape Town, ndipo iyeyo atabwerera anayambitsa More Jazz Big Band yophunzitsa achinyamata, ndipo bandi ya mtundu umenewo siyenda popanda mzere wa matrompete ndi wa matrombone. Kuli Xiquitsi, yomwe bungwe la Kulungwana linayambitsa mu 2013 motsogozedwa ndi Eldevina Materula, amene ambiri amamudziwa kuti Kika, woimba oboe yemwe anadzakhala nduna ya zachikhalidwe mu 2020, ngakhale kuti kumeneko chomwe chimamveka kwambiri ndi mavayolini ndi kwaya. Pamwamba pa zonse pali Escola de Comunicação e Artes ya Universidade Eduardo Mondlane komwe munthu amatenga digiri ya nyimbo, koma kumeneko uyenera kukhala utamaliza 12ª classe nkukhoza mayeso olowera. Ichi ana athu achimve bwino, wothawa sukulu chifukwa cha ndalama za pa maukwati wadzitsekera yekha khomo limeneli.

Kunena zoona kwa ife a ku Angónia ndi Tsangano, Lilongwe ndi pakhomo poyerekeza ndi Maputo. Ukadutsa pa Calómuè uli pa Dedza, kuchoka apo makilomita ngati 85 wafika. Ku Area 23 kuli Music Crossroads Academy, yomwe inatsegulidwa mu 2013 pamodzi ndi zinzake za ku Maputo ndi Harare, ndipo ngakhale ambiri amapitirako gitala, kiyibodi ndi mawu, tiyole ndi kuwerenga manoti ndi zomwezo kwa aliyense. Kumpoto ku Karonga kuli Lusubilo, yomwe bandi yake inatchuka ndi malipenga omwewa. Ku Zomba University of Malawi imaphunzitsa nyimbo. Chichewa chimakuyendetsa mumsewu bwinobwino, koma m'kalasi ndi Chingerezi ndi C D E, ndipo mapepala a sukulu a kuno ayenera kuvomerezedwa kaye kumeneko, ndi nkhani ya pasipoti ndi malo ogona. Kwa mwana wa zaka 13 chotheka ndi cha pa holide, ngati kuli azakhali ku Lilongwe akhaleko milungu ingapo akupita kwa mphunzitsi, abwere ndi zoti azichita miyezi 6.

Njira ina yomwe anyamata amailota ndi ya yunifomu. Asilikali a FADM ndi apolisi a PRM ali ndi mabandi awo, ndi amene amaimba Pátria Amada pa zochitika zikuluzikulu za boma monga 25 June ndi 25 September, ndipo m'dziko ngati lathu ndi malo amodzi mwa ochepa pomwe woliza lipenga amalandira malipiro a pamwezi. Koma umalowa ngati msilikali kapena wapolisi kaye, ndi zonse zomwe zimenezo zikutanthauza, kuyambira kalembera wa usilikali wa pa zaka 18 uja, ndipo palibe amene angakulonjeze kuti akakuika ku bandi. Amene wafika akudziwa kale kuliza ndi kuwerenga ndi amene ali ndi poyambira kupempha.

Tsono foni. Apa ana a ku Mozambique ali ndi mwayi womwe anzawo a ku Malawi alibe ndipo sautenga, Chipwitikizi. Ku Brazil mabandi a malipenga ndi ochuluka, m'matauni ndi m'matchalitchi, ndipo aphunzitsi a kumeneko adzaza YouTube ndi maphunziro aulere kuyambira kagwiridwe ka chida. Lembani "aula de trompete para iniciantes" kapena "como ler partitura" muone. Ma megas a Movitel kapena Vodacom ndi odula inde, nde tsitsani vidiyo imodzi usiku, mwana aigwiritse ntchito sabata yonse, kusiyana nkuonera 20 osachita iliyonse. Buku la Jean-Baptiste Arban la 1864, lomwe oliza trompete ndi korneti dziko lonse akuphunzirirabe mpaka lero, lili laulere pa IMSLP, webusaiti ya mabuku a manoti, popeza ndi lakale, masamba oyambirira okha mungasindikize pa kopiyadora ndipo akwana chaka. Muikenso ka apu ka afinador kochunira mawu ndi ka metronomo kosunga liwiro la nyimbo. Palinso mayeso a ABRSM, bungwe loyesa oimba la ku London, a magiredi 1 mpaka 8, omwe kuyambira 2020 ena mwa iwo amayesedwa potumiza vidiyo, koma amalipiritsa ndipo ndi za m'tsogolo. Chomwe foni singachite ndi kuona kuti mwana akukanikiza bokali pa milomo mpaka kusiya chidindo, kapena akupumira m'mapewa. Zimenezo zimafuna munthu wamoyo, ngakhale kamodzi pa mwezi, ngakhale mdala wopuma ntchito amene ankaimba ku bandi ya asilikali, ndipo otere alipo m'mabairu mwathumu akungokhala, nkhuku imodzi kapena ndowa ya mbatata mwagwirizana.

Tibwerere ku chida. Lipenga latsopano labwino, la Yamaha kapena Jupiter, ndi ndalama yomwe banja lolima silingatulutse, ndipo m'masitolo a kuno simulipeza, limachokera ku Maputo, Beira, Lilongwe, Blantyre kapena ku Joni. Pali ena otchipa onyezimira ngati golide opanda dzina lodziwika, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, pakatha miyezi ingapo mapisitoni ayamba kukakamira ndipo palibe wokonza. Lakale la dzina labwino limaposa latsopano lopanda dzina. Pogula lakale tengani munthu woliza, adine mapisitoni aone ngati akubwerera okha msanga, akoke timapayipi tonse aone ngati tikutuluka, ayang'ane timadontho tofiirira pa payipi yoyambirira chifukwa ndi chizindikiro choti mkuwa ukudyeka kuchokera mkati. Kuphwanyika pang'ono kukamwa kwa lipenga si vuto, kuphwanyika pa nyumba ya mapisitoni ndi imfa. Kuli malipenga apulasitiki, pBone ndi pTrumpet, opepuka komanso osaopa kugwa, ngati muli ndi wachibale kunja mutha kumutuma.

Koma langizo langa lenileni ndi lotchipa kuposa zonsezi. Muguleni mwana bokali yake. Ya trompete yoyambira ndi ija yolembedwa 7C, kanthu kolowa m'thumba la kabudula. Ndi bokali yokha mwana amalimbitsa milomo tsiku lililonse, amatha kuimba nyimbo yonse pa iyo yokha ngati bakha, ndipo akapita ku bandi amangoilowetsa pa lipenga la gulu, osalandirana malovu ndi anthu 6, paja zilonda za pamilomo ndi chifuwa zimayenda momwemo. Mukafuna kuwonjezera dulani payipi yothirira kudimba yotalika mita 1.3 kapena 1.4, mbali imodzi bokali mbali inayo fanulo ya palafini yatsopano, mwapanga trompete ya makedzana, ikupatsani Dó, Sol, Dó, Mi aja bwinobwino. Oseka aseke.

Kasamalidwe nako kamapha zida zambiri kuposa ukalamba. Mapisitoni amafuna mafuta ake opepuka, akasowa ena amathira a makina osokera osungunula ndi kadontho ka palafini, zimayendako, koma mafuta ophikira ayi chonde, amauma nkukhala ngati ulimbo. Timapayipi tokoka tipakeni Vaseline pang'ono. Kamodzi pa miyezi ingapo lisambitseni m'madzi ofunda, osati otentha, ndi sopo wa mbale. Mwana asalize atangodya nsima kapena kumwa Frozy osachukucha m'kamwa, zonsezo zimakathera mkati. Bokali asaimenye ndi chikhatho polowetsa, ikakakamira musaikoke ndi pulayala, mupotokola payipi yonse. Nyengo yathu nayo ili ndi zake, m'chigwa ku Tete mwezi wa October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, lipenga losiyidwa padzuwa limawotcha milomo ndipo mawu ake amakwera, pomwe kuno kumapiri m'mawa wa June chitsulo chimazizira ngati mwala wa mumtsinje ndipo mawu amatsika mpaka chitafunda. Nchifukwa chake pali kapayipi kochunira kaja, kutentha mumakatulutsa pang'ono, kuzizira mumakalowetsa.

Ena amati bwanji osapempha kwa azungu. Zimachitika. Hugh Masekela, katswiri wa lipenga wa ku South Africa uja, trompete yake yoyamba anapatsidwa ndi wansembe Trevor Huddleston ali ndi zaka 14 ku Johannesburg, kenako Louis Armstrong atamva za anyamatawo anatumiza ina kuchokera ku America. Brass for Africa inayamba ku Uganda mu 2009 ndi malipenga akale otoleredwa ku Britain, ndipo ana oyamba aja ena ndi amene akuphunzitsa anzawo pano. Ku South Africa kuli Field Band Foundation kuyambira 1997. Koma onani kuti konseko chida chinabwera ndi munthu wophunzitsa komanso tsiku lokumana. Mabungwe otere amapereka kwa gulu lolembetsedwa lokhala ndi malo ndi womuyankha, sapereka kwa malume amene walemba pa Facebook kuti mwana wanga ali ndi luso. Ndipo mphatso ikafika nkhondo imayamba. Ine ndikudziwa mpingo wina womwe unalandira malipenga angapo, mkulu wina anawatsekera mu sitolo kuti ana angawononge, kiyi ali naye yekha, amatuluka pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Atadzatsegula chaka china mapisitoni onse anali atagwirana, mu tuba muli chisa cha makoswe. Ana amene akanawononga aja anali atakula, ena ali ku migodi ku Moatize.

Za ndalama ndisakunamizeni. Woliza lipenga kuno amapezako ya sopo pa maukwati, pa maliro, pa maphwando a ma finalista omaliza sukulu, nyengo ya kampeni, mwina woimba wina akamuitana ku situdiyo, ngakhale ambiri masiku ano amangodina malipenga abodza a pa kiyibodi. Amene amadya nazo mwezi ndi mwezi ndi a yunifomu aja, aphunzitsi, ndi ochepa a ku Maputo. Amene amatha kulemba, kutenga nyimbo ya kwaya ya solofa nkuigawa pa partitura kuti trompete iyi iimbe ichi, trombone ichi, tuba ichi, ameneyo ndi amene mabandi amamusaka, ndipo pulogalamu ya MuseScore yolembera manoti pa kompyuta ndi yaulere. Mwana wa m'malire wodziwa solofa ya kukwaya, Dó Ré Mi ya Chipwitikizi ndi C D E ali ndi chinthu chomwe wa ku Maputo alibe ndipo wa ku Lilongwe alibe.

Wa kwathuyu pano ali ndi bokali yake, ndinamutumira munthu wopita ku Lilongwe. Payipi ya kudimba tinadula ya mlamu wanga, sanadziwebe kuti inafupika bwanji. Loweruka masana amapita ku bandi ija ya pa ukwati, anamulola, akadali pa ng'oma koma pomaliza amamubwereka trompete mphindi 20. Lachitatu madzulo amabwera kwathu ndi kope la masamu lomwe tinajambulamo mizere 5, iye ndi ine tonse tikuphunzira kuwerenga, ndipo kunena zoona akundisiya, sabata yatha ndi iye amene anandikonza kuti noti ya pa mzere wachiwiri ndi Sol osati Lá. Mayi ake alamula kuti payipi izilira kuseri kwa khola la nkhumba ndipo ikangokwana 18 koloko basi, chifukwa aneba anabwera kale kawiri kudzafunsa ngati kwathu kuli ng'ombe yodwala.